Augusta ndi Ng'ombe Yobisa Mkaka

Pali anthu amene ukawalakwira amalira, kukacha nkuiwala. Augusta wa kuseri kwa msika wa Chonde sanaumbidwe ndi dothi limenelo ayi. Iyeyo ukamuponda chala amakumwetulira, nkukufunsa za ana kunyumba, mwinanso nkukugawira nthochi. Koma tsiku, malo, ngakhale malaya amene unavala pomulakwirapo, zonse wazisunga pamalo osafika chiswe. Amene anadzionera yekha zimenezi ndi mlamu wake, Wyson.

Augusta anabadwira kutsidya, ku Milange. Mu 1986, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nkhondo inalowa m'mudzi mwawo anthu asanasukusule nkomwe. Bambo ake anathawira kwina ndipo sanaonekenso. Iye, mayi ake ndi khanda lotchedwa Inocencio anayenda m'thengo masiku atatu. Chimene amakumbukira kwambiri pa ulendowo si mfuti, koma mabere a mayi ake. Anali odzaza, olimba ngati mapapaya osapsa, khanda likuyamwa ndi mphamvu zake zonse, koma osatuluka kanthu. Mayi ankafinya, kutukwana, kupemphera, ayi ndithu. Atawoloka mtsinje wa Muloza, amayi a mpingo wina anawakhazika pansi pa mtengo wa mango nkuwapatsa phala. Mayi atangotsitsa mtima, mkaka unayamba kuchucha wokha mpaka kunyowetsa chitenje. Mtsikanayo anaona nkusunga mumtima kuti mantha amatseka mkaka ngakhale ulipo wodzaza.

Mtendere utabwerera, mayi ake ndi Inocencio anabwerera kwawo. Augusta anatsala. Anali atayamba kale kuthyola tiyi pa esiteti, komanso mnyamata wina wa mufakitale, Alifeyo, anali atayamba kudutsa njira yosakhala yake pafupi ndi pamene atsikana ankayezetsa madengu pa sikelo.

Tiyi anamuphunzitsa china. Kapitawo ankangolalata kuti masamba awiri ndi kansonga, basi. Koma zala za Augusta zinazindikira zimene kapitawoyo sankanena. Kansonga kaja kakakhalapo, timaso tonse ta m'munsi mwa nthambi timagona tulo, ngati pali mawu amene amatsika kuchokera pamwamba akuti inu khalani chete. Ukakathyola kansongako, pakangopita masiku timaso tija timadzuka tonse, mphukira mbwee tchire lonse. Mtengo ulibe pakamwa, koma mkati mwake mauthenga amayenda. Augusta ankazinena zimenezi anzake nkumamuseka kuti dzuwa lamuwotcha mutu.

Mwambo wa kuno, mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi. Nanga Augusta mudzi akanautenga kuti? Anakakhala pa malo a mayi ake a Alifeyo, pakati pa alamu, ndipo zaka zonsezo dzina lake la kuseri linali "wothawa nkhondo uja". Asa! Ngati agogo awo anagwa kuchokera kumitambo. Si omwewo anabwera wapansi kuchokera tsidya lomwelo, mphasa ili pamutu, kudzathyola tiyi wa azungu? Koma munthu akafika msanga pamzere amaiwala kuti nayenso anachita kubwera. Augusta anangomeza. Anabereka mwana mmodzi, Marcia, amene anakwatiwa nkupita ku Joni, komwe amaimba foni pa Khirisimasi.

Alifeyo anali munthu wofatsa mpaka kutopetsa. Atapuma ntchito anagula msoti wa ng'ombe yamkaka, wamawanga akuda ndi oyera. Tinene zoona, chimene Alifeyo anachita ndi kugwira chingwe pobwera nayo. Zina zonse zinali za Augusta. Nsenjere ankamweta ndi iye kudambo, madzi ankatunga ndi iye ndowa zisanu patsiku, madeya ankakatenga ndi iye kuchigayo, ndowe ankawola ndi iye. Ng'ombeyo inali yonyada, yosadya udzu wogona, yosamwa madzi amatope, mwakuti anaitcha Dona.

Dona atabereka koyamba, mlangizi wa ziweto, mayi wachitsikana dzina lake Patricia, anasonkhanitsa alimi pamalo ogulitsira mkaka kuti awaphunzitse kukama.

"Mkaka sukokedwa ndi mphamvu," anatero Patricia. "Ng'ombe imachita kuupereka. Mukapukuta bere ndi nsalu yofunda, uthenga umathamanga m'mitsempha mpaka ku ubongo. Ubongo umatulutsa timadzi tina, mahomoni, timene timayenda ndi magazi kukafinya bere mkati. Ndiye mkaka umatsika. Koma timadzi timeneto sitichedwa kutha mphamvu. Mukadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zitatu pamwamba pake, chitseko chatsekeka. Ng'ombe ikachita mantha, thupi limatulutsa timadzi tina totseka njira, ndipo ngakhale mukoke mpaka zala zitupe, mupeza kakapu."

Abambo ena anang'ung'udza kuti za m'mabuku izi. Augusta anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alangizi, zimenezi munapitira kusukulu? Bwenzi mutangondifunsa ine. Marcia ali khanda ndinkamusiya pamthunzi kumapeto kwa mzere wa tiyi. Akangolira, ine ndili uko, bulauzi yanyowa kale."

"Ndi zomwezo, mayi," anayankha Patricia. "Ng'ombenso ikazolowera, phokoso lokha limakwana. Muzichita zinthu zofanana tsiku ndi tsiku, nthawi yomweyo."

Augusta anazigwira ndi manja awiri. Tambala wachitatu akalira, ankafika pakhola ndi ndowa yake yachitsulo yophwanyika mbali imodzi, nkuigogoda kawiri pa mzati. Kwe! Kwe! Kenako ankayamba kanyimbo ka Chilomwe kamene anakapeka yekha m'mizere ya tiyi, kopanda mutu weniweni, kongotchula mayina a mitsinje ya kwawo. Akamafika pa mtsinje wachitatu, nsalu yofunda ili pa bere, Dona anali atatambasula kale miyendo, maso ali tsinzi, akubzikula. Mkaka unkalira m'ndowa ngati mvula pa malata. Malita khumi ndi asanu patsiku, mudzi wonse unkadziwa, ndipo ena zinkawawawa.

Chaka cha 2022 mvula itangotha, Alifeyo anagwa akupalira mbatata, mbali imodzi nkufa ziwalo. Sabata sinathe. Ndiye munthu uja wofatsa, amene aliyense ankati alibe mawu pamudzi, zinadziwika kuti ndiye anali kansonga. Atangochoka, timaso tonse tinadzuka.

Patatha mwezi anachita mwambo wosudzula, womasula mkazi wamasiye kuti azipita kwawo. Pa mwambo wotere mkazi amakhala ndi amalume ake kapena alongo ake omulankhulira. Augusta anakhala yekha pamphasa, pambali pake pali mnzake Carla, amene anawoloka naye Muloza chaka chimodzi. Wolankhula mbali ya achimuna anali mng'ono wa malemu, Wyson, wogulitsa kaunjika amene malonda ake anali atagwa kawiri, munthu wa mawu ambiri ndi nsapato zosongoka. Anagawa bwino ndithu. Mapoto, a Augusta. Matiresi, a Augusta. Nyumba ili pa dothi la amayi athu, ikhala. Ng'ombe anagula ndi achimwene, ikhala.

"Alamu," anatero Augusta motsitsa mawu, "nyumba tengani. Koma ng'ombe ija ndailera ndine zaka zisanu ndi ziwiri. Taonani manjawa."

Wyson anayang'ana anthu kaye, ngati munthu amene wapeza nthabwala ndipo akufuna aliyense akhale tcheru.

"Alamu, tikumbutsane. Munabwera ndi chiyani kuno? Kapena munawoloka Muloza mutasenza ng'ombe pamutu?"

Anthu anaseka. Ena anabisa nkhope m'zitenje, koma anaseka. Wyson, poona kuti zamukomera, analowa m'khitchini nkutuluka ndi ndowa yophwanyika ija, naiponya pafupi ndi mphasa.

"Iyi ndi ya kukhitchini, ndi yanu. Muzikakamira mphepo."

Augusta anaitola, naipukuta fumbi ndi chitenje, nati zikomo alamu. Anamwetuliranso. Carla, amene ankamudziwa, anadziwa kuti nkhaniyo sinathere pomwepo.

Dona anali atabereka miyezi iwiri yapitayo, mkaka uli pachimake. Wyson anagulitsa mwana wa ng'ombeyo, wamphongo, sabata yomweyo.

Augusta anakakhala kwa Carla, kuseri kwa chitunda, ulendo wa mphindi khumi. Patricia atamva anabwera pa njinga yamoto, atakwiya kuposa mwini wake.

"Mayi, lamulo lilipo. Katundu wa malemu salandidwa choncho masiku ano. Tiyeni ku boma mawa, ine ndikachitira umboni kuti ng'ombe munkasamala ndinu."

"Ndiye akandipatse ndi pepala?" anafunsa Augusta. "Apolisi akaikoke, Wyson atakhala pakhonde akuuza anthu kuti wothawa nkhondo watitengera kukhoti? Iyayi, alangizi. Anandiseketsa pagulu. Ndikufuna aigwire yekha chingwe, adutse nayo pamsika masana dzuwa likuswa mtengo, adzaime pakhomo pano anene ndi pakamwa pake kuti ndi yanga."

"Nanga adzachita zimenezo chifukwa chiyani?"

"Kaya. Mulungu ndi wamkulu."

Nthawi imeneyo analibe nzeru iliyonse, unali mkwiyo wokhawokha. Nzeru inabwera yokha. Anayambanso ganyu wothyola tiyi m'munda wa mlimi wina, ndipo kanjira kopita kumeneko kankadutsa kuseri kwa khola la Dona, pakati pali mpanda wa nkhadze. M'mawa woyamba, kukungoyera, anadutsa ndi ndowa ija m'manja kuti pobwerera atunge madzi. Mtima unali wolemera, ndipo pakamwa panayamba pokha kanyimbo kaja. Ndowa inagunda tsinde. Kuseri kwa mpanda Dona analira motsitsa, kulira kwake kwa m'mawa. Kenako Augusta anamva tho, tho, tho. Anasuzumira pakati pa nkhadze. Ng'ombe inali itatambasula miyendo, mkaka ukuchucha m'nsonga zonse zinayi kugwera m'matope.

Analira, inde analira, atagwira pakamwa. Koma misozi isanaume, mutu unali utayamba kale kuwerenga mphindi. Wyson ndi munthu wa tulo, sadzuka dzuwa lisanatuluke. Akamadzafika pakhola, theka la ola latha, chitseko chatsekeka kalekale. Augusta anapukuta maso nkupitiriza ulendo, ndipo anzake kumunda anadabwa kuti mayi wamasiye akuthyola tiyi ngati mtsikana.

Kuyambira tsiku limenelo sanaphonye m'mawa ndi umodzi womwe. Kwe! Kwe! pa tsinde, kanyimbo mpaka mtsinje wachisanu, basi, nkumapita. Sanaponde pabwalo la munthu. Sanakhudze ng'ombe ya munthu. Wyson akabwera ndi chidebe chake chatsopano, ankapeza bere lili tololo koma louma ngati lopanda kanthu. Ankakoka, kukoka, kukoka, nkupeza malita awiri. Ndiye poti nzeru zake zinali za kaunjika, zoti chinthu chikakana umachikutumula, anayamba kumanga Dona miyendo ndi linya, kumukalipira, kenako ndodo. Ha, bambo iwe! Ndodo iliyonse inkatseka bere lija kuposa loko. Madzulonso ng'ombe ikangoona nsapato zosongoka zija inkayamba kunjenjemera, mkaka nkuthawira m'mwamba.

Augusta akamatsika kudambo ankamva ndodoyo ikulira kumbuyo. Phwa! Phwa! Mtima unkamupweteka, koma ankauuza kuti tchimo limenelo ndi la Wyson, Mulungu akulemba. Ndipo tisabise, pansi pa kupwetekako panali kukoma. Masana ankachita dala kukakhala pakhonde la golosale yoyang'anana ndi malo ogulitsira mkaka, akudya nzimbe. Wyson ankafika pa njinga ndi chigubu chachikulu cha malemu, chikulira khochokhocho chifukwa mkati munali tamkaka ta mphaka. Alimi anzake ankamufunsa ngati Dona wayamba kusala kudya. Augusta ankalavula zikhoko za nzimbe pang'onopang'ono.

"Mwaswera bwanji, alamu?" ankafuula mwaulemu wonse. "Ana kunyumba ali bwanji?"

Mkazi wa Wyson, Lines, ndiye anayamba kuona mkaka m'matope. Anauza mwamuna wake kuti pali wina akukama iwo ali m'tulo. Wyson anagula loko, nathira phulusa kuzungulira khola lonse kuti agwire mapazi a wakubayo. Kukacha, loko ali chitsekere, phulusa lili see ngati ufa wosefa, koma mkaka uli mbwee pansi. Lines anati anamva ngati nyimbo chapatali, koma kanjirako kamadutsa amayi ambiri opita ku tiyi, ndipo ndani anamvapo kuti nyimbo imakama ng'ombe? Wyson anapita kwa sing'anga ku Chitakale, nabwerako ndi mizu yofukiza. Anaiyatsa m'khola momwemo, utsi uli tolo, Dona akudziguguda pa mizati maso ali psuu. Mawa lake sanapeze ngakhale kodzaza kapu.

Sabata yachinayi Patricia anamupeza Augusta pamjigo. Sanapereke moni wautali.

"Mayi, ndachokera kwa a Wyson. Bere limodzi lakumbuyo latupa, likutentha, mkaka wake ukutuluka zibuma. Ndabaya mankhwala. Koma ine ndinaphunzitsa anthu makumi atatu tsiku lija, ndipo amene anamvetsa ndi mmodzi. Mumadutsa nthawi yanji kuseri kwa khola lija?"

"Nthawi yopita ku ganyu."

"Mukuimba?"

"Kodi kuimba ndi mlandu, alangizi? Mayi wamasiye asaimbe?"

"Mkaka ukamatsalira m'bere tsiku ndi tsiku umaitana matenda. Ndiponso ng'ombe imaphunzira, mayi, siileka kuphunzira. Mukumenya ndani, a Wyson kapena Dona?"

Augusta anasenza ndowa yake bwinobwino, naikonza pa nkhata.

"Ndodo ili m'manja mwa ndani? Kafunseni ameneyo. Akatopa akudziwa kumene ndimakhala."

Zoti ng'ombe siileka kuphunzira zinalowa khutu ili nkutulukira linalo. Anali atalawa kale, ndipo munthu amene akulipsira samva bwino. M'malo moleka, iye ndi Carla anayamba kudula mitengo ya bulugamu nkumanga khola kuseri kwa nyumba. Anthu odutsa ankafunsa kuti khola la chiyani popanda chiweto. Augusta ankayankha kuti ndi la mphepo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, pamalo ogulitsira anaukana mkaka wa Wyson pamaso pa anthu, ati wadwala. Dona anali ataonda, nthiti zikuwerengeka, chifukwa Lines anali atatopa kumweta nsenjere za ng'ombe yosapereka kanthu. Ndiye Lines yemweyo anatulutsa mawu amene mudzi wonse unali ukunong'ona. Wokama wosasiya mapazi, wolowa loko ali chitsekere, wodziwa nthawi yeniyeni imene ng'ombe inkakamidwa mwini wake ali moyo, angakhale ndani? Ndi malemu. Alifeyo sanagone, wakwiya ndi mmene anasudzulira mkazi wake. Alongo ake a Wyson, omwe aja anaseka m'zitenje, anayamba kulota maloto motsatizana. Mwana wa mmodzi atadwala malungo, nkhani inatha. Anamuuza Wyson kuti achotse chinthucho pamudzi asanaike maliro ena, ndipo asayerekeze kuchigulitsa kwa opha nyama, chipite kumene malemu akufuna.

Koma abale, Alifeyo! Munthu amene ali moyo sankatha kuthamangitsa nkhuku pakhonde, atafa ndiye anakhala woopsa chotere. Augusta atamva anaseka mpaka Carla anamutsina kuti anthu angamve.

Linali tsiku la msika pamene Wyson anabwera. Njira yochokera kwawo kupita kwa Carla ilipo yachidule, koma Dona anakana kutsika chitunda, mwakuti anachita kuzungulira pamsewu, kudutsa pakati pa mabenchi a tomato ndi a kaunjika anzake. Ana ndi amayi anamutsatira. Anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, nsapato zosongoka zija zitadzola ndowe. Augusta anali atakhala pampando, atavala chitenje cha kutchalitchi, ngati munthu amene anauzidwa tsiku.

"Alamu," anatero Wyson akuyang'ana pansi, "tabwera nayo."

"Mwabwera ndi chiyani, alamu?"

"Ng'ombeyi."

"Ya ndani? Mukweze mawu. Makutu angawa analowa madzi powoloka Muloza."

Anthu anaseka, ndipo ulendo uno panalibe wobisa nkhope. Wyson anakweza mawu.

"Ndi yanu. Ng'ombe ndi yanu, alamu. Tinalakwitsa."

"Zikomo. Mangani pa mzatipo. Mupereke moni kwa ana."

Zinakoma. Augusta sanabise, anauza Carla kuti chibadwire sanalaweko chinthu chokoma chotero, ngakhale tsiku la ukwati wake. Anthu atabalalika anamweta nsenjere zanthete, nasakaniza madeya ndi mchere, nasambitsa Dona mabala a linya m'miyendo akumuuza kuti zatha, mwana wanga, wafika kwanu. Ng'ombe inadya, koma khutu limodzi linali chilili.

Dzuwa litapendeka anafunditsa madzi. Anatenga nsalu yoyera ndi ndowa yake yophwanyika, nalowa m'khola mtima ukuvina. Kwe! Kwe! Nayamba kanyimbo.

Dona anasiya kutafuna. Makutu anagona kumbuyo, mchira unapanikizika pakati pa miyendo, khungu lonse linayamba kunjenjemera ngati patera ntchentche. Anakoka chingwe mpaka mzati kugwedezeka, nataya ndowe yamadzi, nayamba kutembenuza mutu uku ndi uku. Sankayang'ana Augusta. Ankayang'ana kukhomo la khola, kumene ndodo imachokera.

"Dona, ndine. Iwe, ndine!"

Mawuwo anangowonjezera. Augusta anaika nsalu pa bere, ng'ombe inaponya mwendo, ndowa nkugubuduka. Anayesanso, akuimba motsitsa, zala zikufinya monga mwa zaka zonse. Bere linali lolimba gwa. Munatuluka timadontho tosakwana supuni.

Anati ndi kutopa kwa ulendo. M'mawa mwake zinali zomwezo, madzulo zomwezo. Tsiku lachitatu anatumiza uthenga kwa Patricia. Mlangiziyo anaima pakhola nkuonerera Augusta akugogoda ndowa ndi kuyamba nyimbo, naona ng'ombe ikuuma thupi lonse. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Masiku makumi anayi ndi kuposa, mayi. M'mawa uliwonse mawu anu, kenako bere lowawa popanda wolipepuza, kenako linya ndi ndodo. Ubongo wake walumikiza. Kale nyimbo yanu inkatanthauza dzanja lofunda. Tsopano ikutanthauza kuti a Wyson akubwera."

"Koma amene ankamenya si ine!"

"Iye sakudziwa za milandu yanu. Akudziwa chimene chimabwera pambuyo pa chinzake."

"Adzaiwala liti?"

"Mwina akadzaberekanso. Mwina ayi. Koma lero lomwe ayenera kukamidwa, apo ayi bere lachiwiri litupa ndipo timutaya. Mayi Carla, munakamapo?"

Carla anati mbuzi yokha, kalekale. Patricia anamutuma akatenge beseni lapulasitiki, losalira. Kenako anatembenukira kwa Augusta, ndipo zinaoneka kuti mawuwo akumulemera.

"Inu mupite kumsewu. Patali ndithu, asakumveni ngakhale kutsokomola."

Augusta anaika nsalu ija pansi. Anatuluka m'khola limene anamanga ndi manja ake, nadutsa pabwalo pamene Wyson anaima masiku awiri apitawo, nakaima kuseri kwa nthochi m'mbali mwa msewu. Anadikira nthawi yaitali. Anthu ochokera kumsika ankamupatsa moni ndi ulemu watsopano, mayi amene anagwaditsa mlamu wake, ndipo iye ankangogwedeza mutu.

Kenako anamva. Poyamba pang'ono, mokayika, kenako motsatizana, tsii, tsii, tsii, mkaka ukugwa m'beseni pansi pa zala zosadziwa za Carla. Dona analira motsitsa, kulira kuja kwa ng'ombe imene yapepukidwa. Dzina la ng'ombeyo linakwera lokha pakhosi pa Augusta. Iye anatenga nsonga ya chitenje nkuiluma, ndipo anaima pomwepo mpaka anamaliza kukama.